Ululu wa M'botolo ndi Nthenda ya Kumtundu

Kwathu kuno, munthu amene dzuwa lidamtulukira ali wangwiro, nalima ndime yake, nadya nsima pamodzi ndi anzake, akagwa mwadzidzidzi madzulo ake, thovu lili kukamwa, thukuta lili kamukamu, mawu oyamba kutuluka mwa anthu osonkhana pakhomopo amakhala akuti wadyetsedwa; ndipo khanda limene lidabadwa lonenepa bwino, likayamba kukana bere pa tsiku lachitatu, nilifooka, nilitsikira kulichete chikuta chisanathe, monga adachitira mkulu wake chaka chatha, akuluakulu amayang'anizana, nayamba kufunsa monong'ona kuti ndani wasempha mwanayu, kaya ndani ali ndi dzanja pa mbumba imeneyi. Mafunso otere si achibwana ayi, pakuti amachokera m'mitima yosweka imene ikufuna kudziwa chifukwa. Koma mayankho ake akafulumira, mlandu umagwera wosalakwa, ndipo wodwala amatha anthu ali pa mkangano. Popeza kuona maso a nkhono n'kudekha, ndafuna kuti tikhale pansi ndi kusanthula mmene madotolo amazindikirira ndi kuchizira zinthu ziwiri zooneka ngati zotalikirana, ululu wa mankhwala ophera tizilombo ndi matenda ena obadwa nawo, zimene pakama wa wodwala zimafanana nkhope ngati mapasa.

Thupi la munthu, limene Namalenga adaliumba mwaluso lozizwitsa, lili ngati mudzi pokonzekera phwando, pamene amayi agawana ntchito pa mtondo: wina akukonola, wina akupeta, wina akuviika mphale, wina akusinja, ndi wina akusefa, kufikira chimanga chasanduka ufa woyera. M'thupi antchito otere alimo miyandamiyanda, osaoneka ndi maso, ndipo ophunzira amawatcha ma enzaimu. Aliyense ali ndi ntchito yakeyake, ndipo salowerera ya mnzake. Wopeta akasowa, gaga amaunjikana pa mphasa, osinja nakhala manja lende. Momwemonso m'thupi, chinthu chimene chikadaphwanyidwa chimachuluka m'magazi kufikira chisanduka chiphe. Wantchitoyo amasowa m'njira ziwiri: mwina mdani wochokera kunja wamgwira nam'manga, ndiko kumwa, kupuma kapena kunyowa ndi mankhwala a m'munda, mwinanso munthuyo adabadwa wopanda wantchito ameneyo, ndiyo nthenda ya kumtundu.

Tiyambe ndi mdani wakunja, popeza ndiye tili naye pafupi, kunsi kwa bedi, patsindwi ndi m'nkhokwe. M'chaka cha 1936 katswiri wina wa ku Germany, Gerhard Schrader, amene ankagwira ntchito ku kampani ya IG Farben, pofunafuna mankhwala ophera tizilombo ta mbewu adapeza madzi oopsa otchedwa tabun, amene boma la Hitler lidawasandutsa chida cha nkhondo. Koma m'banja lomwelo la mankhwala, lotchedwa organophosphate, mudatuluka parathion m'chaka cha 1944, ndipo pambuyo pake dimethoate, chlorpyrifos, ndi pirimiphos-methyl amene ali mu Actellic yemwe timathira m'chimanga poopa anankafumbwe. Ena ndi aukali kwambiri, ena ndi ofatsirapo, koma onsewo ndi ana a mimba imodzi. Asuweni awo ndi a banja la carbamate, mmene muli aldicarb, amene adabwera ndi dzina loti Temik kuti azipha tinyongolotsi ta m'nthaka, ndipo ife tidamutcha tameki, yemwe amapezeka m'misika atamangidwa m'timapepala topanda dzina monga mankhwala a makoswe. Chilowereni mbozi za ntchembere zandonda m'minda yathu, zimene zidachititsa boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 agwa m'ngozi, mankhwala opopera achuluka m'nyumba za anthu, ndipo ambiri amagulidwa a pang'onopang'ono, atathiridwa m'mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi, amene mwana waludzu sangawasiyanitse ndi chakumwa chenicheni. Walira mvula walira matope. Mlimi wa matimati, thonje ndi fodya sangasiye lero mankhwalawa, koma ayenera kudziwa chimene wasunga.

Ubongo ukafuna kulamula mnofu kuti ukokeke, kapena mtima kuti uchepetse liwiro, kapena m'kamwa kuti mutuluke malovu, umatuma mthenga kudzera m'mitsempha, dzina lake acetylcholine. Ndipo mthengayo akangotula mawu ake, pali wantchito wina, cholinesterase, amene amam'chotsa pakhomopo nthawi yomweyo, kuti lamulo limveke kamodzi kokha. Mankhwala ajawa amagwira wantchito ameneyu. Pamenepo amithenga amaunjikana, onse akufuula lamulo limodzimodzi kosalekeza, ndipo thupi, pomvera, limadziwononga lokha: malovu amayenderera, misozi imatsika, munthu amasanza, natsekula m'mimba, nadzikodzera, minofu imanjenjemera pansi pa khungu ngati ya nyama yongophedwa kumene, mtima umagunda mwaulesi, ndipo kamwana ka m'diso kamachepa kufikira kakhala ngati nsonga ya singano. Choopsa koposa n'chakuti mapapo amadzaza madzi, njira za mpweya zimapanikizika, ndi minofu yopumira imalefuka, kotero kuti munthu amamira ali pamtunda.

Dotolo wodziwa ntchito yake amazindikira zimenezi ndi maso, makutu ndi mphuno, asanatenge n'komwe magazi: amatsegula chikope, amamvetsera kufufuma kwa madzi m'chifuwa, amakhudza m'khwapa monyowa, ndipo amanunkhiza fungo longa la adyo kapena la parafini pa zovala ndi pa mpweya wa wodwala. Ilipo njira yoyezera mphamvu ya cholinesterase m'magazi, imene George Ellman adaifotokoza mu 1961, koma imafuna labotale imene zipatala zing'onozing'ono zilibe, ndipo ngakhale kumene ilipo, palibe dotolo wanzeru amene amaimika chithandizo kudikira pepala. Akakayika amabaya pang'ono mankhwala a atropine naona: munthu wosamwa ululu mtima wake umathamanga ndipo khungu limauma msanga, koma wa ululu thupi lake limangomeza mankhwalawo ngati mchenga womeza madzi. Kwa ana nkhani ndi yovutirapo, chifukwa iwo kawirikawiri saonetsa thovu ndi thukuta monga akulu. Amangolefuka ngati nsanza, nakomoka kapena kugwa linjirinjiri, ndipo m'dziko la malungo ngati lathu aliyense amaganiza malungo. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux pamodzi ndi anzawo adapima matupi a ana 31 amene adamwalira akuganiziridwa malungo a muubongo, ndipo zimene adafalitsa mu 2004 zidaonetsa kuti 7 mwa iwo adafa ndi zina, ngakhale tizilombo ta malungo tinalimo m'magazi mwawo. Kupezeka kwa malungo tsono sikutseka mlandu. Dotolo ayenerabe kufunsa chimene chidapoperedwa kudimba dzulo, ndi chimene mwana anali kuseweretsa.

Ola loyamba limapezera wodwala m'manja mwa abale ake, osati mwa anamwino, chotero ndiyenera kukhalitsa pa za pakhomo. Pali chikhulupiriro chozika mizu chakuti mkaka umapha poizoni, ndipo ena amathamangira mazira aawisi, mafuta ophikira, madzi a mchere kapena a sopo, kuti munthu asanze. Ndikupemphani ndi mtima wonse, abale anga, lekani zimenezi. Mkaka suchotsa ululu. Ndipo munthu amene mankhwala ayamba kum'gonjetsa sathanso kumeza bwino, kotero kuti chimene mwam'mwetsa, pamodzi ndi masanzi ake ndi mafuta onga parafini amene amasungunulira mankhwalawo, chimalowera ku mapapo nichibala chibayo choopsa. Chofunika ndi kum'chotsa pamalo pamene pali mankhwala, kum'vula zovala zonyowa, kum'sambitsa ndi sopo ndi madzi ambiri, wosambitsayo atavala majumbo m'manja kuti nayenso angagwe, kutsuka m'maso ndi madzi oyera kwa mphindi 15 ngati mankhwala alowamo, kum'goneka cham'mbali cha kumanzere kuti malovu azitayikira pansi, ndi kunyamuka ulendo wa kuchipatala pa ngolo, pa kabaza kapena pa galimoto iliyonse, osadikira kuti malume amene ali kutali adzalamule. Ndipo botolo lija, kapena kapepala kake, mulimange bwino ndi kupita nalo, pakuti ilo ndiye mboni yoona ndi maso, imene mawu ake amaposa a anthu onse operekeza.

Kuchipatala ntchito yoyamba ndi kutsegula njira ya mpweya, kupopa madzi a kukhosi ndi kupereka okosijeni; kenaka pamabwera atropine, mankhwala akalekale ochokera ku chomera cha belladonna, otchipa, amene samasula wantchito womangidwa uja ayi, koma amatseka makutu a ziwalo kuti zisamve phokoso la amithenga. Luso lagona pa kaperekedwe kake. Kwa munthu wamkulu dotolo amayamba ndi mamiligalamu pakati pa 1 ndi 3 mumtsempha, nadikira mphindi 5, ndipo ngati chifuwa sichinaume amabaya muyeso wowirikiza kawiri, nawirikizanso, kufikira mapapo amveka oyera, mtima wadutsa kugunda ka 80 pa mphindi, magazi ayamba kuthamanga bwino, ndi m'khwapa mwauma. Pamenepo amaika mankhwalawo mu diripi kuti azilowa pang'onopang'ono, namuyang'anira wodwala kuti angapyoze muyeso, chifukwa atropine akachuluka thupi limatentha ndipo munthu amabwebweta. Wodwala mmodzi akhoza kumaliza timabotolo makumi angapo tsiku limodzi, ndipo chipatala chimene chasunga tochepa chili ngati mlenje wopita kuuzimba ndi muvi umodzi. Ku Chittagong m'dziko la Bangladesh madotolo adayerekeza njira yowirikizayi ndi njira yakale yobaya muyeso umodzimodzi, pa odwala 156, ndipo mu 2012 adalengeza kuti pa njira yatsopanoyo adamwalira 8 pa 100 alionse, pamene pa yakale adamwalira oposa 22. Mankhwala ndi omwewo. Chosiyana ndi kulimba mtima kwa wobaya ndi wotchi imene ali nayo m'manja.

Alipo mankhwala achiwiri, pralidoxime, amene Irwin Wilson wa ku Columbia University ku New York adawakonza m'ma 1950 kuti azidula unyolo ndi kumasula cholinesterase. M'labotale amaterodi, koma Michael Eddleston ndi anzake atawayesa ku Sri Lanka pa odwala 235, zotsatira za mu 2009 sizidaonetse kuti imfa zachepa. Ndipo makala apadera a kuchipatala omwetsa wodwala, amene adayesedwa komweko pa anthu 4,632, nawonso sadachepetse imfa. Ndimalemekeza anthu amene amalimba mtima kuyesa chimene aliyense ankachikhulupirira, nanena zoona ngakhale zili zokhumudwitsa. Ku Sri Lanka komweko Nimal Senanayake ndi Lakshman Karalliedde adafotokoza mu 1987 msampha wina umene abale ayenera kuudziwa: wodwala amatsitsimuka, nalankhula, napempha phala, koma pakati pa tsiku loyamba ndi lachinayi minofu imalefukanso, kuyambira ya m'khosi, kotero kuti sathanso kudzutsa mutu pa pilo, ndipo posakhalitsa kupuma kumaima. Atropine alibe mphamvu pa kufooka kumeneku. Chopulumutsa ndi makina opumira, kwa masiku kapena masabata, kufikira thupi litapanga antchito atsopano. Namwino akamauza wodwala wooneka wochira kuti adzutse mutu, sakum'vutitsa, ndipo abale asaumirire kum'tulutsa.

Si mankhwala onse a m'munda amene amayenda njira imeneyi, n'chifukwa chake dzina la pa botolo lili lofunika chotere. Paraquat, wopha udzu, amatentha m'kamwa nawononga impso ndi mapapo pang'onopang'ono. Amazindikirika pothira mankhwala a dithionite mu mkodzo, umene umasanduka wobiriwira ngati thambo, ndipo chodabwitsa n'chakuti okosijeni, amene amapulumutsa wa organophosphate, kwa uyu amakulitsa chilonda cha m'mapapo, kotero kuti amaperekedwa pokhapokha wodwala akabanika kwambiri. Mapiritsi ofukizira matumba a chimanga amatulutsa mpweya wa phosphine, umene ungaphe ana ogona m'chipinda momwe mwaunjikidwa matumbawo. Mankhwala ena a makoswe amaletsa magazi kuundana, ndipo munthu amaoneka bwino masiku angapo asanayambe kutuluka magazi m'nkhama ndi mu mkodzo. Ameneyu amachira ndi vitamini K1, womwa nthawi yaitali.

Pali chinthu chimene sindingachilambalale, ngakhale chili chowawa kuchitchula. Ambiri ofika kuchipatala ndi ululu umenewu sadaumwe mwangozi. Bungwe la World Health Organization limawerengera kuti mwa anthu asanu odzipha pa dziko lapansi, mmodzi amatero ndi mankhwala a m'munda. Kawirikawiri ndi mkwiyo kapena chisoni cha ola limodzi, mkangano wa m'banja, ngongole ya feteleza, manyazi a mtsikana, ndipo botolo likadakhala kutali, m'mawa mwake munthuyo akadadzuka ndi maganizo ena. Dziko la Sri Lanka lidaona zimenezi nililetsa mankhwala aukali kwambiri, monocrotophos ndi methamidophos mu 1995, endosulfan mu 1998, kenaka dimethoate, fenthion ndi paraquat kuyambira 2008. Ndipo pakati pa 1995 ndi 2015 chiwerengero cha odzipha chidatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 alionse, miyoyo yoyerekezedwa 93,000 nipulumuka, zokolola osachepa. Kwathu lamulo la mankhwalawa lilipo chiyambire 2000, ndipo Pesticides Control Board ndiyo idapatsidwa udindo wolondera chipata. Chitsanzo cha Sri Lanka chikuonetsa kuti cholembera cha wolamula chingapulumutse anthu ochuluka kuposa jakisoni wa dotolo. Ndipo wopulumuka asalandiridwe ndi chitonzo kapena kuopsezedwa ndi apolisi, pakuti mantha otere ndiwo amachititsa abale kubisa botolo. Afunika munthu wokhala naye pansi ndi kumva chimene chidam'lemera.

Tsopano titembenukire kwa iye amene sadamwe kanthu, koma adabadwa wopanda wantchito. Woyamba kuzindikira zimenezi anali Archibald Garrod, dotolo wa ku London, amene adachita chidwi ndi makanda ena omwe matewera awo ankada bii akakhala pa mpweya. Nthendayo, alkaptonuria, si yakupha, koma Garrod adaona mu 1902 kuti imagwira ana angapo a banja limodzi, makolo ali bwinobwino, ndiponso kuti ambiri mwa makolowo anali pachisuweni. Ndipo mothandizidwa ndi William Bateson adazindikira kuti ikutsata malamulo a chibadwa amene Gregor Mendel adawapeza pa nsawawa za m'dimba lake. Mu 1908 adaphunzitsa za matenda anayi otere, ndipo pakati pawo adawerengera chialubino, chimene ifenso timachidziwa, ndi chimene chadzetsera abale athu mazunzo osaneneka chifukwa cha umbuli ndi umbombo wa anthu.

Lamulo lake ndi ili: malangizo opangira wantchito aliyense munthu amawalandira pawiri, ena kwa bambo, ena kwa mayi. Amene walandira olakwika mbali imodzi yokha sadwala, ndipo sadziwa n'komwe kuti wanyamula kanthu; koma awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi wakuti mwana alandire olakwika mbali zonse ziwiri. Chotero nthendayo si ya kuchikazi kokha kapena kuchimuna kokha, ndipo apongozi amene amaloza chala mtundu wa mnzawo akuloza theka la choonadi. Ukwati wa pachisuweni, umene makolo athu ankaukonda pofuna kusunga mbumba pamodzi, si tchimo, ndipo ana ambiri obadwamo ndi athanzi. Koma popeza asuweni adachokera kwa agogo amodzi, n'kwapafupi kuti onse awiri anyamule cholakwika chimodzimodzi, ndipo ngati banja lotere laika makanda awiri kapena atatu ofa mofanana, liyenera kuuza dotolo zimenezi mosabisa.

Mbiri imene imandikhudza mtima koposa ndi ya mayi wina wa ku Oslo m'dziko la Norway, amene ana ake awiri adabadwa bwino koma nzeru zawo sizidakule, ndipo iye adalimbikira kunena kuti mkodzo wawo uli ndi fungo lachilendo, longa la mbewa. Madotolo angapo sadamumvere, kufikira mu 1934 pamene Asbjørn Følling adathira mankhwala a ferric chloride mu mkodzowo, nuoneka wobiriwira ngati msipu, mtundu umene iye anali asanauonepo. Atausanthula kwa masabata ambiri adapeza kuti anawo satha kuphwanya phenylalanine, kachigawo ka zakudya zomanga thupi kopezeka mu mkaka, nyama, mazira ndi nyemba, ndipo kameneka kakachuluka kamawononga ubongo. Galu wamkota sakandira pachabe. Mphuno ya mayi ija inali itanena zoona. Nthendayo, phenylketonuria, inalibe mankhwala kufikira Horst Bickel, Evelyn Hickmans ndi John Gerrard a ku Birmingham adaonetsa mu 1953 kuti chakudya chochotsedwa kachigawo kaja chimathandiza. Koma ubongo wowonongeka kale subwerera, pakuti madzi akatayika saoleka, ndipo padafunika njira yopezera mwana asanadwale. Robert Guthrie wa ku Buffalo ku America ndiye adaikonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960: kubaya khanda pachidendene, kudonthezera magazi pa kapepala, kuwaumitsa, ndi kuwatumiza ku labotale. Lero makina otchedwa tandem mass spectrometer amafufuza matenda makumi angapo m'dontho limodzi lomwelo.

Ena mwa matenda amenewa sadikira zaka. Amakantha m'sabata yoyamba. Ali m'mimba mwana amatsukidwa magazi ndi thupi la mayi wake, chotero amabadwa wokongola. Koma akayamba kuyamwa, chimene satha kuchiphwanya chimayamba kuunjikana, ndipo pakapita masiku awiri mpaka asanu amakana bere, nasanza, napuma mofulumira ndi mozama, nagona tulo tosadzuka, nthawi zina ali ndi fungo lotsekemera kapena longa la mapazi a thukuta. Zonsezi zimafanana ndi matenda a tizilombo m'magazi, ndipo dotolo amachita bwino kupereka mankhwala ophera tizilombo. Koma ayeneranso kuyeza shuga, asidi ndi ammonia m'magazi, kusunga magazi ndi mkodzo wa ola lomwelo la kudwala, popeza umboni umazimirira mwana akalandira diripi, kuimitsa mkaka kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndi kupereka shuga wambiri mumtsempha kuti thupi lisiye kudzidya lokha. Ena amachira ndi vitamini wamba, B12 kapena biotin, woperekedwa pa muyeso waukulu. Tisayese kuti awa ndi matenda a azungu okha: ofufuza a ku Cape Town adapeza kuti galactosaemia, nthenda yolephera kuphwanya shuga wa mu mkaka, imagwira pafupifupi khanda limodzi mwa 14,400 pakati pa anthu akuda a ku South Africa. Mwana wotere amachita chikasu, chiwindi chimatupa, m'maso mumamera ng'ala. Ndipo ngakhale bere la mayi lili chakudya choposa zonse kwa ana ena onse, kwa uyu yekha chipulumutso ndi kum'chotsa kubere ndi kum'patsa mkaka wa soya wa makanda, chinthu chimene dotolo yekha ndiye ayenera kulamula atayeza.

Pali nthenda imodzi ya kumtundu imene ili pakati pathu kwambiri, ndipo pa iyo njira ziwiri zathu zija zimakumana. Anthu okwana ngati 400 miliyoni pa dziko lapansi, makamaka kumadera a malungo, ali ndi enzaimu wofooka wotchedwa G6PD, amene ntchito yake ndi kuteteza maselo ofiira a magazi. Cholakwikacho chimayenda njira ina, kuchokera kwa mayi kupita makamaka kwa ana aamuna. Munthu wotere amakhala moyo wake wonse osadziwa, kufikira tsiku limene wakumana ndi mankhwala ena, monga primaquine, kapena timibulu toyera ta naphthalene toika m'zovala poopa njenjete. Pamenepo magazi amasweka, maso amachita chikasu, ndipo mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka. Mankhwala a malungo otchedwa Lapdap, amene adayesedwa ku Kenya ndi kuno ku Malawi, adachotsedwa pa msika mu 2008 pa chifukwa chomwechi. Tsono taonani: propanil, wopha udzu m'minda ya mpunga, akalowa m'thupi amasandutsa magazi kukhala odera ngati chokoleti, osatha kunyamula mpweya, ndipo mankhwala ake ndi methylene blue, koma methylene blue yemweyo, akabayidwa kwa munthu wa G6PD wofooka, akhoza kulephera kugwira ntchito ndi kum'swera magazi. Dotolo wochiza ululu wa m'botolo sangathe tsono kunyalanyaza chimene munthu adabadwa nacho.

Wina anganene kuti kuyeza makanda onse ndi maloto kwa dziko losauka, ndipo n'zoona kuti makinawo ndi odula, zakudya zapaderazo n'zodulanso, ndipo kupeza nthenda imene sungathe kuichiza kuli ndi chisoni chakechake. Komabe msewu udalambulidwa kale: m'zipatala zathu anamwino amabaya pachidendene makanda a masabata 6 obadwa kwa amayi amene ali ndi HIV, naumitsa magaziwo pa kapepala, ndipo njinga zamoto zimanyamula timapepalato kupita ku malabotale aakulu. Kapepala kameneko ndi mdzukulu wa ka Guthrie, ndipo ine ndikuona kuti choyambira chabwino ndi mabanja amene aika kale makanda mosadziwika bwino.

Kuti tione kulemera kwa kusiyanitsa ululu wa m'botolo ndi nthenda ya kumtundu, timve zimene zidachitika ku Missouri m'dziko la America, kumene kuli malabotale a mtundu uliwonse. Mu Julayi 1989 mayi wina, Patricia Stallings, adathamangira kuchipatala ndi mwana wake wa miyezi itatu, akusanza ndi kupuma movutikira. Labotale idanena kuti m'magazi mwake muli ethylene glycol, madzi othira mu injini ya galimoto kuti isaundane m'nyengo yachisanu, ndipo anthu adatsimikiza kuti mayiyo wadyetsa mwana wake. Mwanayo adalandidwa, ndipo atadwalanso mu Sepitembala, patangopita masiku ochepa mayi wake atam'mwetsa mkaka pokamuona, adapatsidwa chithandizo cha poizoni amene sadamwe, namwalira. Mayiyo adamangidwa ali ndi pakati, nabereka mwana wachiwiri mu Febuluwale 1990. Ndipo mwana ameneyu, amene ankaleredwa ndi anthu ena kutali ndi manja a mayi wake, adadwala mofanana ndendende, napezeka ndi methylmalonic acidaemia, nthenda ya kumtundu yolephera kuphwanya zigawo zina za zakudya zomanga thupi. Ngakhale zinali choncho, khoti silidalole kuti nthenda ya wamng'onoyo ikhale umboni wa imfa ya mkulu wake, ndipo mu Januwale 1991 mayiyo adagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. William Sly ndi James Shoemaker a ku Saint Louis University adayezanso magazi osungidwa a mwana womwalirayo, napeza kuti chimene makina adachiwerenga ngati ethylene glycol chinali propionic acid, asidi amene thupi la mwana wodwala nthendayi limapanga lokha. Piero Rinaldo wa ku Yale adasanthulanso zonse natsimikiza chimodzimodzi. Mu Sepitembala 1991 woimira boma pa mlanduwo adaimirira pamaso pa atolankhani, nathetsa mlandu, napepesa kwa mayiyo ndi mwamuna wake, ndipo mwana wachiwiri uja adabwezedwa m'manja mwa makolo ake.